Sensa Zapathupi Zikavuta pa Siteji: Kopezera Vuto ndi Mokonzera Mwake

Dandaulo limabwera lomwelomwelo, ndipo kawirikawiri limafika usiku woti mawa lake ndi chionetsero: "Poyeserera zonse zimayenda bwino, koma titalowa mu holo nyali zangoyamba kuphethira zokha." Ndalimva kwa ovina, kwa oimba, ndi kwa ophunzira zaluso amene amamanga sensa pachifuwa kapena pamkono kuti kugunda kwa mtima, kukungika kwa minofu kapena thukuta ziyendetse mawu ndi kuwala. Pafupifupi onse amathamangira kukonza pulogalamu ya pakompyuta. Ine ndimawabweza kukhungu. Mavuto ochuluka amabadwira pamene sensa yakhudzana ndi thupi, ena pa mawaya ndi pamagetsi, ndipo ochepa chabe ndiwo amakhala mu pulogalamu.

Magetsi amene thupi limatulutsa ndi ochepetsetsa. A mtima akamafika pakhungu amakhala pafupifupi millivolt imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt), a ubongo ndi pakati pa microvolt 10 ndi 100 (microvolt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a millivolt), pamene batire la tochi lili ndi volt 1.5. Pamene wopeka nyimbo Alvin Lucier ankaimba Music for Solo Performer mu 1965, kuti mafunde a ubongo wake agwedeze ng'oma ndi zitsulo kudzera m'masipika, ankakhala pampando osagwedezeka, maso ali chitsekere. Ife timafuna zomwezo kwa munthu amene akudumpha, akutuluka thukuta, pansi pa nyali zotentha.

## Musanasinthe chilichonse

- Yang'anani mzere wosasefa, umene manambala a sensa amajambula pakompyuta. Tsegulani Serial Plotter ya Arduino, bolodi lowerenga sensa, kapena onetsani manambala mu pulogalamu ya Pure Data, Max kapena TouchDesigner monga akuchokera ku sensa. Mukamangoyang'ana nyali zomwe zikulakwitsa, mukuona utsi, moto uli kwina.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china.
- Munthu amene wamatidwa ma electrode, tizigamba tomata pakhungu totola magetsi a thupi, asalumikizane ndi chilichonse chimene chili pa soketi ya pakhoma. Zonse ziyendere batire, ndipo manambala apite popanda waya.

## Mzere wanenepa ndi phokoso, kapena sipika ikulira ngati njuchi

Izi zimachitika pa ECG ya mtima, EMG ya minofu ndi EEG ya ubongo. Phokosolo ndi la magetsi a m'nyumba, amene amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo thupi la munthu limawakoka ngati eriyo ya wailesi.

1. Electrode yachitatu yamatuka kapena ili pamalo olakwika. Iyi ndi imene imapatsa sensa poyezera zinazo. Pa kabolodi ka ECG ka AD8232 yalembedwa RL. Ikanikizeni ndi chala: phokoso likachepa, mwalipeza vuto. Pa EMG iikeni pafupa, monga pachigongono, osati pamnofu umene mukuyeza.
2. Mafuta odzola. Ambirife sitituluka m'nyumba osadzola, ndipo Vaseline salola magetsi kudutsa ngakhale pang'ono. Pamalo oti mumate patsukidwe ndi sopo, papukutidwe ndi thonje la sipiriti, paume. Ubweya wochuluka umetedwe dzulo lake, osati nthawi yomweyo, kuti khungu lisathethe. Mukamata dikirani mphindi zisanu kuti jelo wa pa electrode alowerere. Muuzeni wovina m'mawa kuti pachifuwa ndi pamkono asadzolepo, chifukwa ambiri amadzola mowonjezera patsiku la chionetsero kuti khungu liwale pansi pa nyali.
3. Chaja ya laputopu. Izuleni. Phokoso likatha, ndiye kuti panali waya wolumikiza munthuyo ndi magetsi a pakhoma. Limeneli si vuto la phokoso lokha ayi, werengani gawo lomaliza.
4. Mawaya ataliatali, omwazikana. Afupikitseni, muwapote pamodzi ngati chingwe, muwamate pathupi, ndipo atalikirane ndi zingwe za nyali ndi ma dimmer.
5. Sefa yochotsa phokosoli yatcheredwa pa 60. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zinalembedwa ku America, komwe magetsi ndi a 60 Hz. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain ndi 50 Hz. Sinthani nambalayo.

Pa mfundo yachisanuyi pali msampha. Tsiku lina tikuyeserera m'holo ina, magetsi anathima, anyamata n'kuliza jenereta yaing'ono kuseri. Phokoso limene tinali titalisefa bwinobwino linabwereranso, ndipo linkakula nyali zazikulu zikayaka. Jenereta yaing'ono siikhazikika pa 50, imatsika ikalemedwa, choncho sefa yopapatiza imaphonya. Tinaikulitsa kuti igwire kuyambira 47 mpaka 53. Koma dziwani kuti magetsi a minofu ali pakati pa 20 ndi 450 Hz, ndiye sefa iliyonse ya pa 50 imadya nawo gawo la zimene mukufuna. Konzani khungu ndi mawaya kaye, sefa ibwere pomaliza.

## Sensa ya kanyali siikupeza kugunda kwa mtima

Pulse Sensor, imene Joel Murphy ndi Yury Gitman anatulutsa mu 2011, ndiyo ambiri amayambira chifukwa ndi yotsika mtengo. Siiyeza magetsi. Imaunika khungu ndi kanyali kobiriwira n'kuona kuwala kobwerera, kumene kumachepa magazi akadzaza m'mitsempha. Chilichonse chosokoneza kuwala kapena magazi chimaisokoneza.

1. Mwafinya kwambiri kapena mwalekerera. Kufinya kumathamangitsa magazi kunsonga kwa chala. Mangani ndi kalamba mongokhudza, kosagwedera.
2. Kuwala kwa siteji kukulowa m'mbali. Phimbani chala ndi dzanja linalo. Mzere ukayera, kulungani ndi tepi yakuda kapena kansalu kochindikala. Nyali za LED zikachepetsedwa mphamvu zimaphethira mofulumira moti diso siliona, koma sensa imaona.
3. Malo amene mwaika, ndi mtundu wa khungu. Melanin, chimene chimadetsa khungu, amameza kuwala kobiriwira kwambiri kuposa kofiira ndi kwa infrared. Pamkono pomanga wotchi pa munthu wakuda bii, kuwala kobwerera kumakhala kochepa. Samutsirani sensa kumimba kwa chala, kumene khungu ndi loyererako, kapena pakamnofu ka kunsi kwa khutu. Zikakanika, gwiritsani MAX30102, imene ili ndi kanyali kofiira ndi ka infrared, ndipo mphamvu ya nyalizo mutha kuikweza mu pulogalamu. Ndaona wovina akudziimba mlandu kuti thupi lake ndilo lovuta, mnzake woyera khungu zikumuyendera. Zimandipweteka, chifukwa vuto si iye. Mu 2020 ofufuza a ku University of Michigan analemba mu New England Journal of Medicine kuti zoyezera mpweya m'magazi za pachala zinkaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Iwo ankanena za mpweya, osati za kugunda, koma zikusonyeza kuti chipangizo chounika khungu muyenera kuchiyesa pa munthu amene adzachivale, osati kudalira zimene zalembedwa pa bokosi.
4. Manja ozizira. Kuzizira kwa June ndi July, ngakhalenso mantha a siteji, kumafinya mitsempha ya m'zala. Afunditse manja m'khwapa kapena m'madzi ofunda asanalowe.
5. Mlingo wowerengera ndi wa bolodi lina. Zitsanzo za PulseSensor Playground zimaika 550, poganiza kuti muli ndi Arduino Uno imene imawerenga 0 mpaka 1023. Bolodi la ESP32 limawerenga mpaka 4095, ndiye 550 ali pansi penipeni. Onani mzere wanu, muike mlingo pakati pa phiri ndi chigwa.
6. Thukuta lanyowetsa kuseri kwa sensa. Matani kuseriko ndi guluu wotentha.

Kunena mosabisa, ngati munthuyo akuvina, sensa ya kanyali si chida chake. Imayenerera malo amene mlendo amaima chilili, monga mu Pulse Room ya Rafael Lozano-Hemmer imene inayamba kuonetsedwa ku Puebla, Mexico, mu 2006, momwe munthu amagwira zogwirira ziwiri ali phee mpaka babu liyambe kuthwanima motsatira mtima wake. Wovina mugulireni lamba wa pachifuwa, monga Polar H10.

## Kugunda kukuwerengedwa kawiri, kapena manambala akulumphalumpha

1. Mawaya akugwedera. Pindani waya pang'ono pafupi ndi electrode, mumate ndi pulasitala, kuti akakokeka akoke pulasitala osati electrode.
2. Lamba ndi wouma kapena wolekerera. Nyowetsani mbali yokhudza khungu ndi madzi, mumange pansi pa mabere mothina bwino. Malaya a nayiloni akamakhuzika pa lamba amabweretsa phokoso, makamaka thukuta lisanayambe.
3. Ma electrode ali pamnofu wa pachifuwa. Mkono ukanyamuka, sensa imamva mnofuwo. Asunthireni pamafupa a m'munsi mwa khosi ndi panthiti zakumunsi.
4. Pulogalamu ikuwerenga phiri lachiwiri. Kugunda kulikonse kuli ndi nsonga yaitali, kenako kaphiri kena kotsatira. Uzani pulogalamu kuti ikawerenga kamodzi isamvere kwa millisecond 250. Musapyole 300, chifukwa mtima wa wovina ukafika pa 190 pa mphindi, mpata wapakati ndi millisecond 316 zokha, ndipo mudzayamba kutaya kugunda kwenikweni.

## Zinayamba bwino, patatha mphindi khumi zasokonekera

Vuto ili ndi limene limaliza anthu, chifukwa poyesa mofulumira masana silioneka.

1. Thukuta. Limamatula ma electrode, ndipo likayenderera pakati pa awiri oyandikana a EMG limawalumikiza, mzere n'kufota. Phimbani ndi pulasitala wa kuchipatala wotambasuka, mukulunge ndi bandeji.
2. Munatchera sensa pa thupi lozizira. Mlingo wa kupuma ndi wa kukunga kwambiri muutenge wovina atatenthetsa kale thupi, atavala zovala za chionetsero. Mnofu ukatopanso manambala ake amasintha, choncho siyani mpata pamwamba.
3. Sensa ya thukuta la m'zala yakwera osatsikanso. Ndi chikhalidwe chake. Musagwiritse nambala yeniyeniyo. Chotsanipo avereji ya masekondi 20 kapena 30 apitawo, mugwiritse kusinthako. Ndiponso thupi limayankha patapita sekondi 1 mpaka 3 chinthu chitachitika, ndiye si sensa yoombera ng'oma.
4. Ma electrode ndi akale. Paketi yotsegula ikagona m'chikwama m'kutentha kwa October, jelo amauma. Khudzani pakati: pakhale ponyowa. Ogwiritsa kale atayeni.
5. Batire likutha. Yambani chionetsero chilichonse ndi lodzaza.

Yeserani gule yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyali zonse zili zoyaka, mukusunga manambala osasefa m'fayilo. Fayiloyo idzakuuzani mphindi imene zinthu zinayamba kupotoka.

## Chovala kumutu chikumva nkhope, osati ubongo

Muse, chovala kumutu cha EEG, ili ndi ma electrode anayi, awiri pamphumi, awiri kuseri kwa makutu. Zambiri zimene zimagwedeza mzere wake ndi kuphethira, kukukuta mano ndi kukwinya nkhope, chifukwa minofu imatulutsa magetsi ochuluka kuposa ubongo. Yesani motere: munthuyo akhale pansi, alekerere nsagwada, atseke maso kwa masekondi 20, kenako atsegule. Mafunde a alpha, a pakati pa 8 ndi 13 Hz, amayenera kukwera maso akatsekedwa, ndipo amamveka bwino kunkhongo kuposa pamphumi. Akapanda kusintha mutabwereza kangapo, onani izi:

- tsitsi lalowa pansi pa ma electrode a kuseri kwa makutu
- mafuta atsitsi kapena zodzoladzola zili pamphumi
- chovalacho chikugwedera
- munthuyo ndi mmodzi mwa amene alpha wawo ndi wochepa mwachibadwa

Zipewa za EEG zambiri zinapangidwira tsitsi lowongoka, ndipo patsitsi lathu lopotana electrode imangokhala pamwamba osafika pakhungu. Musamuuze munthu kuti amete. Arnelle Etienne ali ku Carnegie Mellon University anasonyeza ndi anzake kuti tsitsi likalukidwa m'mizere yogona, khungu limaonekera pakati pa mizereyo, ndipo anapanga ma electrode otchedwa Sevo okowekeka pa zolukazo. Kambiranani ndi woluka tsitsi kuti mipata igwere pamene pakufunika.

## Manambala akuduka pakati pa chionetsero

1. Thupi likutchinga. Bluetooth ndi Wi-Fi ya 2.4 GHz sizidutsa bwino m'madzi, ndipo gawo lalikulu la thupi la munthu ndi madzi. Wovina akatembenuka kapena kugona chafufumimba, lamba amabisika. Ikani cholandirira m'mphepete mwa siteji, pamwamba pa mitu ya anthu, pa chingwe chachitali cha USB. Chitalikirenso ndi zinthu za USB 3.0, chifukwa zimatulutsa phokoso pa 2.4 GHz pomwepo.
2. Mafoni a owonera. Holo yopanda anthu ndi holo yodzaza ndi malo awiri osiyana. Bwerani ndi rauta yanu, yopanda intaneti, yokhala ndi pasiwedi. Sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11, chimene chili chopepuka, ndipo laputopu ilumikizidwe ku rauta ndi waya.
3. Lamba wagwirana ndi foni ya wina. Malamba ambiri amalola chipangizo chimodzi. Wovina azimitse Bluetooth pafoni yake.
4. Power bank yazima yokha. Zambiri zimazima zikaona kuti chokoka magetsi ndi chaching'ono. Yesani kwa ola lathunthu, kapena gwiritsani mabatire wamba.
5. Sensa yafa Wi-Fi itangoyaka pa ESP32. Mapini a ADC2 sawerenga Wi-Fi ikamagwira ntchito. Samutsirani waya pa GPIO 32 mpaka 39.
6. Adiresi ya IP yasintha, kapena firewall yatseka khomo. OSC, njira yotumizira manambala pakati pa zipangizo, kawirikawiri imayenda pa UDP, imene siikuuzani kuti uthenga sunafike. Ipatseni laputopu adiresi yokhazikika.

Konzeranitu chimene chidzachitike manambala akasowa kwa masekondi awiri: nyali zikhazikike pa kuwala kumodzi, mawu atsike pang'onopang'ono. Ena amaika kugunda kojambulidwa kale kuti kulowe m'malo mwakachetechete. Ine ndimakana. Owonera mwawauza kuti akumva mtima wa munthu amene ali patsogolo pawo, ndipo akukhulupirirani.

## Mawu kapena kuwala zikubwera mochedwa

1. Lamba wa Bluetooth amatumiza pafupifupi kamodzi pa sekondi. Nambala ya kugunda imene mukulandira ndi ya zimene zachitika kale. Mutha kupanga kamvekedwe kotsatira mipata ya RR (nthawi yapakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira) imene amatumiza limodzi, koma kuti ng'oma ilire pa kugunda kwenikweniko mufunika ECG yosasefa.
2. Mwasalaza mopitirira. Pa EMG, avereji ya millisecond 50 mpaka 100 ndi yokwanira.
3. ESP32 ikugoneka Wi-Fi posunga batire. Lembani WiFi.setSleep(false).
4. Muli delay() mu pulogalamu, kapena Serial ili pa 9600. Chotsani, mukweze pa 115200.
5. Buffer ya mawu, kankhokwe kamene kompyuta imadzaza isanatulutse mawu, ndi yaikulu. Ya 1024 pa 48000 Hz imachedwetsa ndi millisecond 21, ya 128 siifika 3.

Mawu akamakwera ngati masitepe m'malo moyenda mosalala, mwina mwadutsira pa MIDI, njira yolumikizira zipangizo zoimbira, imene ili ndi magawo 128 okha. Salazani kumbali yolandira, kapena tumizani pa OSC.

## Zonse zikuyenda, koma owonera sakuona kugwirizana

Apa palibe chowonongeka. Mwalumikiza zinthu zambiri nthawi imodzi. Atau Tanaka, amene wakhala akuimba ndi magetsi a minofu ya m'mikono kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 pa chipangizo cha BioMuse, amamveka chifukwa diso limaona mkono ukukungika khutu likumva mawu akukula. Yambani ndi sensa imodzi ikuyendetsa chinthu chimodzi, ndipo mphindi yoyamba ya gule ipatse anthu mpata woona mgwirizanowo. Mtima umachedwa kukwera ndi kutsika, choncho umaoneka bwino wovina akaima atathamanga, kugunda kuli kubwerera pansi pang'onopang'ono holo yonse ikumva.

## Pamene muyenera kusiya ndi kuitana katswiri

Itanani katswiri wa zamagetsi, ndipo chotsani ma electrode nthawi yomweyo, ngati:

- munthuyo akumva ngati akulumidwa ndi tinyerere pansi pa electrode
- maikolofoni, mikisa kapena laputopu ikugwira anthu ndi magetsi
- masoketi a holoyo alibe waya wa earth, kapena jenereta yalumikizidwa mwachidule
- simungachitire mwina koma kulumikiza sensa ku kompyuta ya pakhoma ndi waya. Pamenepo pamafunika chotchinga magetsi chovomerezeka pa muyezo wa zipangizo za kuchipatala, IEC 60601-1, ndipo woika akhale wodziwa. Jelo amachotsa chitetezo chimene khungu louma limapereka, ndipo ma electrode a pachifuwa ali moyang'anizana ndi mtima.

Batire la lithium likatupa, kutentha kapena kubooka, lichotseni pathupi, muliike panja pa simenti kapena pamchenga, osalitchajanso. Musatchaje chipangizo munthu atachivala.

Thamangirani kuchipatala ngati wovina akumva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kosazolowereka, kapena wakomoka. Ngati mzere uli woyera bwino koma mtima ukudumphadumpha, kapena sukutsika atapuma nthawi yaitali, muuzeni payekha kuti akaonane ndi dokotala. Inu musamuuze matenda, chifukwa sensa izi sizinapangidwire kupima odwala. Khungu likatuluka matuza kapena zidzolo pamene panamatidwa, siyani kumatapo mpaka lipole.

Kulowetsa magetsi m'minofu, monga ankachitira katswiri wa zaluso Stelarc mu Ping Body ya 1996, ndi nkhani ina kotheratu. Musapange nokha chipangizo choterocho, musadutsitse magetsi pachifuwa, pakhosi kapena pamutu, ndipo munthu woyembekezera, wa khunyu kapena wokhala ndi pacemaker asayandikireko. Pamafunika wachipatala wodziwa za minofu.

Manambala a thupi la munthu ndi chinsinsi chake. Malamulo monga GDPR ku Ulaya ndi POPIA ku South Africa amaika nkhani za umoyo m'gulu lotetezedwa mwapadera. Ngati mukusunga kugunda kwa alendo, auzeni, apereke chilolezo, ndipo musalembe maina awo pa mafayilo.

Kuthwanima kwa nyali kukapitirira katatu pa sekondi kungathe kugwetsa munthu wa khunyu loyambitsidwa ndi kuwala. Mtima ukapyola 180 pa mphindi wadutsa kale malire amenewo, ndipo mafunde a alpha akalumikizidwa ku nyali mwachindunji amagwera pamalo oopsa kwambiri. Ikani malire mu pulogalamu kuti nyali isathwanime koposa katatu pa sekondi ngakhale sensa itapenga, kugunda kofulumira kuthwanimitse kamodzi pa kuwiri, ndipo pakhomo la holo pakhale chikwangwani chochenjeza anthu asanagule tikiti.